Nkhuni za Uvuni Zinapita Kumanda

Njerwa yopsa bwino ukaiwombanitsa ndi inzake imalira ngati mbale yachitsulo. Yosapsa imangoti phu, basi. Ine zimenezi sindinaziphunzire kusukulu, ndinaziphunzira pa uvuni wanga womwe, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamene anthu akumanga, manja amandiyabwa kuti nditole njerwa ziwiri ndimve kulira kwake. Amisiri ena amandiyesa wozungulira mutu.

Kwathu ndi kwa Kalembo, kumene dzuwa la Okutobala limakuwotcha ngati unalilakwira. Chaka chimene kunadutsa namondwe uja, nyumba ya amayi, yomangidwa ndi zidina zosawotcha, inang'aluka kuyambira pazenera mpaka pansi. Siinagwe, koma khoma limodzi linapendekera kunja ndipo tinalichirikiza ndi mitengo iwiri. Amayi anali atafa kale dzanja ndi mwendo wakumanzere chifukwa cha sitiroko, maso nawonso atachita ng'ala moti munthu ankamudziwira mawu. Munthu wotero khoma likayamba kugwa sathawa. Ine ndinkakhala pafupi pomwepo, m'kanyumba kaudzu ka chipinda chimodzi, ndi ana anga atatu. Bambo a anawo anali ku Joni, kumene ntchito imapezeka mwezi uno, mwezi wamawa osapezeka. Chimene anatisiyira ponyamuka chinali malata, amene anatha zaka zitatu ataimikidwa kuseri kwa chitseko kudikira makoma.

Mvula itatha ndinawauza amayi ndi pakamwa pangapa kuti dzinja likubweralo siliwapeza m'nyumba yochirikiza ndi mitengo. Ndinati ndiwamangira ya njerwa zowotcha, ya zipinda ziwiri, ya khonde kutsogolo. Sanandipemphe ayi. Ndi khalidwe langa limenelo, pakamwa pamatsogola miyendo ili m'mbuyo.

Kuumba sikunandigonjetse, ngakhale kunandidya msana. Amalume anga, mlongo wawo yekhayo wa amayi, amenenso anali mwinimbumba wathu, anandipatsa chulu cha m'munda mwawo kuti ndikumbepo dothi. Amayi anzanga awiri anavomera kundithandiza kutunga madzi ndi kuponda matope, ine kuti ndidzawathandize kupanga mizere. Kuyambira Julaye mpaka Seputembala chikombole sichinachoke m'manja mwanga. Mapazi anachita ming'alu yoti nyerere n'kulowamo. Mbuzi za aneba zinkabwera kudzasiya zidindo pa njerwa zaziwisi, ndipo ndinatukwana nazo mpaka mwiniwake anasiya kundipatsa moni. Njerwa zinakwana, zinauma bwino, ndinazifunditsa udzu.

Vuto linali nkhuni. Kwathu mitengo inatha kalekale ndi makala. Yotsala ndi milambe, imene siyaka, ndi timitengo ta nimu ta pakhomo. Anthu amaphikira mitengo ya nandolo ndi zitsononkho za chimanga. Ndinadula mango a amayi amene anabzala asanandibereke, ndinadula nimu wanga, ndinazula zitsa m'munda ndi khasu lakutha. Zonsezo zinapanga mulu wowoneka, koma mmisiri wowotcha atauona anangopukusa mutu.

Mmisiriyo anali bambo wamfupi wa ku Nselema, amene chilimwe chilichonse ankawoloka Shire kudzayenda m'midzi yathu kuwotchera anthu mauvuni. Nsidze zake zinapsa kalekale ndipo sizinamerenso, moti nkhope yake inkaoneka yodabwa nthawi zonse. Anatenga chipika cha mango n'kuchiponya pansi.

"Achemwali, izi n'zoyambira moto," anatero. "Mango amayaka ngati mkwiyo wa mwana, pompano watha. Njerwa imapsa ndi tsanya. Popanda tsanya musandivutitse."

Tsanya ndinakamupeza kutali, kwa munthu wina amene ankaswa mphanje kufupi ndi mtsinje. Ndinapereka mbuzi yanga yaikazi, ili ndi bere, ndipo ngolo inanditulira zipika zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi chimodzi zinali zowongoka, zolemera zoti amuna awiri ankavutika pozinyamula. Ziwiri zinali zokhotakhota. Ndinaziunjika pambali pa mulu uja ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita kukaziona ngati ng'ombe za m'khola.

Tinasanja uvuni wa makomo atatu, n'kuumata ndi matope mbali zonse. Makomo ndi ngalande zimene amasiya pansi pa uvuni, zodutsa mbali iyi n'kutulukira inayo, ndipo nkhuni amaponya m'menemo. Mmisiri anandifotokozera ntchito yake pang'onopang'ono, ngati akulangiza namwali. Tsiku loyamba moto umakhala waung'ono, woti njerwa zituluke thukuta, ndipo utsi umakhala woyera. Ukaupsereza tsiku limenelo njerwa zimasweka. Tsiku lachiwiri masana, utsi woyera ukatha, m'pamene umalowetsa zipika zazikulu mbali zonse ziwiri, moto wa uku ndi wa uko ukumane pakati, ndipo suusiya mpaka kutentha kukwere kufika pamwamba. Ukaponya udzu wouma padenga pa uvuni n'kuyaka wokha, ndiye kuti zapsa, umatseka makomo.

"Koma chimodzi chokha," anatero atandiloza ndi chala. "Moto wa tsiku lachiwiri saupumitsa. Ukaupumitsa, nkhuni zonse zadzulo zapita pachabe."

Iye ankafuna tiyatse Loweruka, swala ya Lachisanu, mapemphero a kumzikiti, itadutsa. Ine ndinakana chifukwa masana aliwonse mitambo inkaunjikana kumapiri a Machinga, ndipo mvula ikapeza uvuni wosawotcha umasanduka chulu. Tinayatsa Lachitatu m'mawa, iye atanena bisimila pakhomo lililonse. Tsiku lonselo utsi unatuluka woyera, wonunkha dothi lonyowa. Amalume anabwera madzulo ndi ndodo yawo, anazungulira uvuni, n'kundiseka kuti mwana wamkazi ameneyu akanakhala mwamuna bwenzi mudzi wonse uli wa malata.

Lachinayi cha m'ma teni koloko, utsi utangoyamba kusintha mtundu, tinamva mfuu ya maliro kuchokera kunyumba kwa amalume. Anali atapita kumunda kukatentha mapesi, n'kugwa pamzere. Amene anawapeza anati anali atazizira kale.

Ndinena zoona, ngakhale zimandichititsa manyazi. Amalume aja ndi amene anandilera bambo atamwalira, ndi amene anali ankhoswe a ukwati wanga. Koma nditamva mfuu ija, misozi isanabwere, maso anga anathamangira pa uvuni.

Kwathu maliro akagwa khasu limagonekedwa pansi. Palibe kulima, palibe kuumba, palibe kukhoma msomali, mpaka munthu aikidwe. Ndiponso ife Asilamu sitigoneka maliro. Amalume anayenera kulowa m'manda tsiku lomwelo, swala ya alasiri, ya chakumadzulo, ikatha. Pamafunika nkhuni zotenthetsera madzi osambitsira thupi, nkhuni zophikira anthu obwera, ndipo kumanda kumafunika mitengo. Ife sitiika m'bokosi. Pansi pa dzenje amakumba kachipinda kogonekamo thupi, n'kuyala mitengo yolimba pamwamba pake kuti dothi lisamugwere munthu kumaso. Kale ankangolowa m'tchire n'kudula. Tsopano tchire lake liti? Mudzi wonse mulu wa nkhuni unali umodzi, wanga uja, wotalika kufika pachifuwa, pambalambanda, pafupi ndi njira.

Anayamba ndi amayi a m'mudzi. Anabwera anayi ndi nkhata zawo, sanapemphe n'komwe, anangoti pepani n'kuyamba kusenza mango. Sindinawaletse. Pambuyo pawo panafika msuweni wanga, mwana woyamba wa amalume, ndi amuna okumba manda atanyamula nkhwangwa. Msuweniyu ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo masiku onse tikakumana timanyozana, iye kunditcha mkazi wake wokalamba, ine kumutcha mwamuna wopanda ndevu. Tsiku limenelo anaima patali, chipewa chili m'manja.

"Asuweni, tabwerera tsanya," anatero.

"Iyayi."

"Tikawaza pakati, zitikwanira. Tayenda mudzi wonse, kulibe mtengo wina."

"Ndati iyayi. Kadulani nimu wa kumzikiti. Zulani mitengo ya khola. Uvuni uli pamoto, simukuona?"

"Nimu wake ngati chala changachi? Mwezi umodzi wawola, manda n'kutitimira. Ndi bambo anga ajatu, asuweni. Ndi amalume anu."

Ndinawasiya ataima pomwepo n'kuthamangira kwa amayi, poganiza kuti iwo andiikira kumbuyo, poti nyumbayo inali yawo. Ndinawapeza atakhala pamphasa, akuyesa kumanga mpango ndi dzanja limodzi, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope. Ndinagwada n'kuwafotokozera mwachangu za moto wa tsiku lachiwiri, za mvula, za khoma lopendekera limene linali kumbuyo kwawo. Anandisiya ndilankhule mpaka ndithe.

"Mlongo wanga agone dothi lili m'kamwa chifukwa cha njerwa?" anatero ndi pakamwa pawo popotoka paja. "Ndiye ine ndizigona m'nyumba imeneyo tulo n'kubwera? Pereka mitengoyo, iwe."

Ndinapereka. Anasankha zowongoka zonse zisanu ndi chimodzi, n'kundisiyira zokhota ziwiri zija. Ndinaima n'kumaonerera akuzikweza pangolo. Maliro n'kulirana, ndikudziwa, ndipo chikanakhala kwa mnzanga ine ndikanakhala woyamba kumunena kuti ndi wouma mtima. Koma pa nthawi imeneyo ndinadana ndi mudzi wonse, ndinadana ndi amalume chifukwa chosankha tsiku limenelo, ndipo ndinadzida ndekha chifukwa cha maganizo amenewo.

Mmisiri wa ku Nselema anakhala pa njerwa yosweka, manja ali m'masaya. Naye anali Msilamu, sakanaima n'kumasonkhezera moto jeneza lonyamula maliro likudutsa panjira pomwepo. Ine ndinayenera kukakhala pasiwa ndi amayi anzanga, poti ndinali mwana wamkazi wamkulu pa mbumba yonse.

"Tsekani makomo," ndinamuuza. "Kutentha kuli m'katimo kupitiriza. Nyemba timazisiya pamakala n'kupsa zokha."

"Uvuni si mphika wa nyemba, achemwali."

"Nanga nditani?"

Anatseka makomo ndi njerwa, anamata, anasamba m'manja n'kutsatira amuna anzake kumanda.

Pasiwa ndinakhala pafupi ndi chitseko, pamene ndinkatha kuona uvuni uli chapatali. Utsi unkacheperachepera mpaka unasanduka kaulusi. Ndinalira mokweza moti ashehe anatuma munthu kudzatiuza kuti kulira kotero sikuloledwa, kumamuvutitsa womwalirayo. Amayi a m'mudzi ankandisisita pamsana, akuti mwanayu amalume ake ankawakonda zedi. Ndinkawakondadi. Koma misozi ina mwa imeneyo inali ya njerwa, ndipo palibe anadziwa.

Lachisanu anthu atatuluka mumzikiti, mmisiri anatsekula makomo. M'kati munali phulusa lofunda. Anayatsanso ndi mango otsala, analowetsa zipika zokhota zija, ndipo dzuwa lisanalowe zonse zinali zitatha. Ine mwambo unandigwira pasiwa mpaka sadaka ya tsiku lachitatu. Nditangomasuka, ndinayenda khomo ndi khomo ngati wopempha mchere. Ndinatuta mitengo ya nandolo, zitsononkho, mankhusu a mpunga a kuchigayo. Ndinaphwasula khola langa, poti mbuzi munalibenso. Ndinazula mafelemu a khitchini yakale ya amayi, ndinawaza mtondo wong'aluka, ndinaponyamo ngakhale mpini wa khasu. Malawi ankatuluka m'makomo atalitali, ofiira, okongola, ndipo anthu odutsa ankati koma ndiye uvuni wayakatu. Mmisiri ankangoika dzanja pakhoma la uvuni, cha m'mwamba, n'kulisiya pomwepo osapsa.

Lolemba masana ndinakwera pamakwerero ndi udzu wouma m'manja n'kuuponya padenga pa uvuni. Unangokhala. Ndinadikira. Unapindika pang'ono, osayaka. Ndinautola n'kuuika pamng'alu pamene pankatuluka utsi, ndinaukankhira m'kati ndi kamtengo, mpaka unachita kufuka.

"Wayaka!" ndinakuwa.

"Mayi, mukunamiza ndani?" anatero mmisiri ali pansi. Aka kanali koyamba kusanditchula achemwali.

Panalibenso choponyamo. Anatseka makomo komaliza, anamanga kachikwama kake panjinga, ndipo sanadikire tsiku lophwasula, limene amisiri onse amalidikira. Ponyamuka anandipempha chinthu chimodzi, kuti anthu akafunsa amene anawotcha uvuni umenewu ndisamutchule.

Patatha sabata ndinaphwasula ndekha, m'mamawa anthu asanayambe kudutsa. Njerwa zozungulira makomo zinali zofiira bwino, zolira. Kukwera pang'ono zinali zotuwa ngati khungu la mbatata. Zam'mwamba ndi zam'mbali, zimene zinali zochuluka kuposa zonse, zinali zofiirira kunja kokha. Ndinaswa imodzi pabondo popanda kuvutika, ndipo m'kati munali dothi lakuda lomwe lija la pachulu. Ndinatenga ina n'kuiika m'beseni la madzi, ndinapita kukasesa pabwalo. Pobwera ndinapeza phala. Madziwo ndinakawataya kuseri kwa chimbudzi kuti munthu asaone.

Apa m'pamene ndinayamba kunama, ndipo bodza limafuna linzake. Ndinasanja njerwa zabwino pamwamba pa mulu, ndinajambula pafoni n'kutumiza ku Joni. Bambo a ana anayankha kuti ndine mkazi wa akazi. Amayi atafunsa ngati zapsa, ndinawatengera njerwa ya pakhomo la uvuni n'kuwaika pamiyendo. Anaisisita, anaigogoda ndi mphete yawo, inalira.

"Waona?" anatero. "Mulungu sasiya munthu wothandiza maliro."

Womanga anali msuweni wanga yemwe uja. Anabwera yekha osaitanidwa, ndi chingwe ndi supuni yake yomangira, ndikuganiza kuti za tsanya zija zinkamudya mumtima. Anayenda kuzungulira mulu, akutola njerwa n'kumazifinya m'mbali ndi chala chachikulu. Zambiri zinkanyenyeka.

"Asuweni, izi si njerwa, komanso si zidina," anatero. "Chidina chimakhala chonenepa, chimapirira. Izi moto unangozinyenga. Zabwinozi zikukwana chipinda chimodzi. Timange chipinda chimodzi cholimba, azakhali alowe. Chinacho chaka chamawa."

Anandipatsa nzeru yabwino, ndipo ndikanaimvera bwenzi nkhani ino kulibe. Koma maziko ndinali nditakumba kale a zipinda ziwiri ndi khonde, mudzi wonse unawaona. Amayi ndinali nditawauza zipinda ziwiri. Ku Joni chithunzi chinali chitapita. Ndinkamva kale mmene amayi a pamjigo akanasekera, akuti uja ankatukwana mbuzi zathu wamanga khitchini.

"Zipinda ziwiri," ndinatero.

"Chabwino. Ndiye zabwinozi tiike kumbuyo, mbali ya kum'mawa. Mvula yathu imamenya kuchokera ku Shire."

"Kumbuyo akaona ndani? Ziikeni kutsogolo, kunjira. Kumbuyoko tidzapaka simenti tikakolola."

Ndinamukumbutsa, ndi mawu amene sindingawalembe pano, kuti njerwa zimenezi zinakhala chonchi chifukwa cha ndani. Anawerama n'kuyamba kukoka chingwe. Pa zonse zimene zinachitika chaka chimenecho, ichi chokha sindingachikankhire kwa maliro, kapena kwa mwambo, kapena kwa amene anatha mitengo. Ndinachita ndine, maso ali poyera.

Nyumba inatha kumapeto kwa Novembala. Kutsogolo inali yokongola kwabasi, yofiira, malata akung'anima, moti anthu a panjinga ankatembenuka. Kumbuyo ndinazira ndi matope kuti mtundu wa njerwa usaoneke. Tinawanyamula amayi pampando n'kuwalowetsa. Anapempha kuti tiwayendetse m'zipinda zonse ziwiri, dzanja lawo lamoyo likukhudza khoma. Mvula yoyamba itagwa pamalata anandiitana kuti ndidzamve nawo, akuseka ngati mtsikana, akuti moyo wawo wonse mvula ankaimvera paudzu. Nyumba yawo yakale inagwa sabata yomweyo, muli mbewa zokha, ndipo aliyense anati ndawapulumutsa amayi pa nthawi yake. Disembala yense makoma anaima. Ndinayamba kuganiza kuti mwina msuweni anakokomeza, mwina njerwa zikakhala pakhoma zimalimba.

Mu Januwale kunabwera mvumbi wamphepo, wochokera ku Shire monga ananenera. Tsiku loyamba matope ozira aja anatsukika onse. Tsiku lachiwiri khoma lakumbuyo linada kuyambira pansi mpaka pazenera, ndipo m'tsinde mwake munkayenda madzi ofiira. Ndinakhomerera mapepala apulasitiki ndi matumba a feteleza, mphepo n'kumazula misomali chifukwa inalibe pogwira. Tsiku lachitatu ndinakanikiza chala pakhoma m'chipinda chimene ankagona amayi, ndipo chinalowa mpaka pamfundo. Ndinakoka bedi lawo kulipititsa kuchipinda chakutsogolo, ndinawauza kuti ndikufuna kukolopa. Ndinathamangira kwa msuweni kukapempha mitengo yochirikizira, koma mtengo munalibe m'mudzi monse, ndipo iye ankalimbana ndi denga lake. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena ndinachita kupeka. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Tsiku lachinayi masana ndikuwapatsa amayi phala, ndinamva malata akulira kumbuyo ngati munthu akuwaponda. Ndinasuzumira. Pangodya panali patatseguka mpata woti mkono n'kulowa, ndipo ndinkaona chimanga cha kumunda kudzera pamenepo. Ana anali kukanyumba kanga, ndinathokoza Mulungu pa chimenecho. Ndinayala chitenje kumsana n'kugwada kutsogolo kwa amayi.

"Kwerani, amayi. Tikupita."

"Kuti, mvula yonseyi?"

"Mng'ono wanga wa ku Balaka waimba foni. Akuti mawa kuchipatala kukubwera adokotala a maso, ndipo mtsinje ukadzaza sitiwoloka. Mugona kwanga lero, tilawirire."

"Ndigone m'kaudzu kako kodontha ndili ndi nyumba ya njerwa? Udzanditenge mawa."

"Amayi, chonde, kwerani."

Sindikudziwa chimene anamva m'mawu anga, koma anakweza dzanja n'kundigwira paphewa. Ndinawabereka ngati mwana, ndinamanga chitenje, ndinawafunditsa pepala lapulasitiki. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Titatuluka pakhonde anandikoka khutu.

"Wakhoma chitseko?"

"Tibwerera pompano."

"Khoma. Muli mabulangete anga. Ukhome undipatse kiyi."

Ndinaima pakhonde la nyumba imene inkagwa, amayi ali kumsana, n'kulowetsa loko m'malo mwake. Ndinawapatsa kiyi, iwo anaifumbata. Tinatsika m'matope. Tisanafike n'komwe pamjigo, kumbuyo kwathu kunamveka chiphokoso chonyowa, chosakweza, ngati thumba la chimanga lagwa pangolo, kenako malata anakhuluka.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa.

"Ndi khola la aneba."

"Anthu osamanga ndi njerwa," anatero amayi. "Uziwauza."

Sindinatembenuke. M'mawa mwake ndinawakweza panjinga ya kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi mpaka ku Balaka, kwa mng'ono wanga amene amachita lendi chipinda kuseri kwa msika. Ndinamukokera panja n'kumuuza zonse, ndipo tinagwirizana kuti amayi asamve. Abale obwera kudzawaona tinkayamba tawalangiza pakhomo. Nditabwerera kumudzi ndinapeza khoma lakutsogolo lokha litaima, ndi khonde lake, chitseko chili chokhoma. Kumbuyo kwake kunali mulu wa matope ofiira, bedi ndi mabulangete zili pansi pake.

Amayi anakhala ku Balaka miyezi isanu. Za adokotala a maso anafunsa kawiri n'kuzisiya, koma za nyumba sanasiye. Ndikapita kukawaona, moni asanathe ankafunsa ngati ndikusesa pakhonde, ngati chiswe sichinalowe, ndi tsiku limene ndidzawatenge. Ndinkati mvula ikatha. Mvula itatha ndinati tikakolola. Titakolola ndinati ndikufuna ndiyambe ndapaka simenti kumbuyo, kuti akalowe m'nyumba yosalala. Anati ndisachedwe, m'tauni muno munthu sagona, mawailesi ali khoma ndi khoma. Nthawi imeneyo n'kuti nditayambanso kuumba, ndekha, koma nkhuni ndinalibe ngakhale chitsa chimodzi.

Anamwalira mu Juni, kukuzizira. Tinawabweretsa kumudzi pagalimoto, ndipo maliro anachitikira pakanyumba kanga kaudzu. Amayi osambitsa thupi atamaliza ntchito yawo, mmodzi anatuluka n'kundiitanira pambali. Anati pa ngodya ya chitenje cha amayi apeza mfundo yolimba kwambiri, moti achita kuimasula ndi mano. Anatambasula dzanja langa n'kuikamo kiyi.

"Sungani bwino," anatero. "Zikuoneka kuti ndi ya chinthu chofunika."